Za Tsiku Lofunda la M'cisanu ku England, ndi Mboni Zace

Anthu akakhala pabwalo mamawa mwezi wa July, ali kuotha moto, kawiri kawiri mkuru wina amati cisanu ca makono sicifika pa ca kale. Mnzace amkaniza, nati ca caka catha ndico cinaposa. Mlandu wotere sutha, pakuti yense anena za m'mutu mwace, ndipo khungu la munthu silisunga mbiri ya kuzizira. Tsono ndifuna kukuuzani za dziko lina kumene mlandu womwewu amauweruza ndi mabuku, kuti tione pamodzi ngati mabukuwo tingathe kuwakhulupirira.

Ku England nyengo zisiyana ndi zathu. Cisanu cao cigwa mu December, January ndi February, pamene ife tiri kupalira m'dzinja. Motero February kwa iwo ali monga August kwa ife, mwezi wotsiriza wa kuzizira. Kutentha amakuyesa ndi kagalasi kochedwa themometa, nawerenga madigiri: madzi auma pa digiri 0, nawira pa madigiri 100. Masana a February ku London amafika madigiri 8 kapena 9 okha.

Koma m'caka ca 2019 kunaoneka zodabwitsa. Pa 25 February, pa Trawsgoed m'dziko la Wales, themometa inakwera kufikira madigiri 20.6, ndipo m'mawa mwace pa Kew Gardens, ku London, inafika 21.2. Kufikira pamenepo tsiku lofunda koposa la February linali la 1998, pa Greenwich, la madigiri 19.7. Ku Scotland nako ciwerengero ca 17.9, cimene cinalembedwa pa Aberdeen mu 1897, cinaposedwa pa Aboyne citakhala zaka 122. Anthu anabvula majasi nakhala padzuwa, ndipo kumapiri udzu unapsa ndi moto wolusa. Pamene caka capita, sabata lomwelo, miseu inali yotsekeka ndi cipale cofewa. Cifukwa cace n'cakuti mpweya wofunda unali kudza kucokera kumwera masiku ambiri, thambo liri lopanda mitambo. Ndipo kumene mpweyawo unatsika m'mapiri unafunda koposa.

Manyuzi analengeza kuti sikunafundepo cotero m'cisanu ciyambire. Pomwepo anthu ocenjera anafunsa, Ciyambire liti? Ndipo amene anayesa kalelo, anayesa ndi ciani, ndi poti? Funso ili n'loyenera, ndipo kuti tiliyankhe tiyenera kubwerera m'mbuyo.

Themometa si cinthu ca makedzana. Daniel Fahrenheit anakonza miyeso yace mu 1724, ndi Anders Celsius wa ku Sweden yace mu 1742. Asanatero iwo, mmisiri ali yense anali kulemba mizera pa galasi monga anafuna mwini, kotero kuti anthu awiri a mudzi umodzi akanatha kuwerenga zosiyana tsiku lomwelo. Ndiponso sanagwirizane za malo poikapo. Mu 1723 James Jurin, mlembi wa bungwe la Royal Society, analangiza oyesa kuti aike themometa m'cipinda cosakolezamo moto, coyang'ana kumpoto. Ena anaipacika pakhoma kunja, pena pofika dzuwa. Nanga munthu adzalinganiza bwanji ciwerengero ca m'nyumba ndi ca pabwalo?

Amene anasenza nchito imeneyi ndiye Gordon Manley, mphunzitsi wa za maiko, amene anamwalira mu 1980. Zaka zambiri anafunafuna mabuku akale m'mene asing'anga, abusa ndi eni minda analembamo nyengo tsiku ndi tsiku. Njira yace inali yonga ya mkazi wogula cimanga ndi nsengwa yacilendo, amene ayamba wathira cimanga comweco m'nsengwa yace ndi m'yacilendo, kuti adziwe kusiyana kwace. Manley anafuna zaka zimene oyesa awiri analemba nthawi imodzi. Akaona kuti wina aposa mnzace ndi theka la digiri miyezi yonse, anadziwa pocotsera. Potero analumikiza mabuku, lina ku linzace, monga mkufu. Mu 1953 anaturutsa mndandanda wa kutentha kwa mwezi ndi mwezi pakati pa England kuyambira 1698, ndipo mu 1974 anaufikitsa ku 1659. Palibe mndandanda wina wa themometa wautali woposa umenewu pa dziko lonse.

Mkufuwo uli ndi mfundo zolimba ndi zina zofooka, ndipo Manley sanazibisa. Ziwerengero za zaka zoyamba n'zoyerekeza, zosafika pa tizigawo ta digiri, ndipo zina zinathandizidwa ndi mau okha onena za cipale ndi mphepo. Pa zaka za 1707 kufikira 1722 zolemba za ku England zinacepa, motero anabwereka za ku Utrecht, tsidya lija la nyanja. Bvuto lina linali la kalendala. Mu 1752 England anasiya kawerengedwe kakale ka masiku, kotero kuti 2 September anatsatidwa ndi 14 September. Ndiye kuti February wa kale sagwa pa masiku omwewo ndi February wa lero, ndipo miyezi yonse yakale inafunika kuikonza. Ziwerengero za tsiku ndi tsiku ziyambira mu 1772 pokha.

Kayesedwe kanayamba kufanana pamene Thomas Stevenson, mmisiri wa ku Scotland womanga nsanja za nyali za m'nyanja, anapanga kabokosi kace mu 1864. Ndi kabokosi ka matabwa koyera, ka mipata m'mbali, koimikidwa pa miyendo pamwamba pa udzu, kuti mphepo ilowe koma dzuwa lisakhudze galasi. Cinkana cotero, malo nao amasanduka. Luke Howard anaonetsa kale mu 1818 kuti mzinda wa London ufunda kuposa midzi yozungulira, makamaka usiku, cifukwa ca nyumba ndi moto wa anthu. Wina akhoza kunena tsono kuti Kew anafunda cifukwa ca mzinda. Koma Trawsgoed ali kuminda, kutali ndi mizinda, ndi Aboyne comweco. Mboni za m'maiko atatu zinanena cimodzi.

Dziwaninso kuti osunga ziwerengero salandira mau onse. Pa 13 September 1922, pa El Azizia m'dziko la Libya, panalembedwa madigiri 58, ndipo ana a sukulu anaphunzira zaka 90 kuti pamenepo ndipo potentha koposa pa dziko. Mu 2012 bungwe la maiko loyang'anira za nyengo linafufuzanso, nilipeza kuti themometa inali yobvuta kuwerenga, woyesayo anali wacilendo pa nchito, ndipo malo oyandikana sanabvomereze, ciwerengeroco cinafafanizidwa. Mu June 2018 madigiri 33.2 a pa Motherwell, ku Scotland, anakanidwa pakuti galimoto inaima pafupi ndi kabokosi injini iri kulira. Amene akana mboni yonama ndiye amene timkhulupirira pamene abvomereza yoona.

Nanga tinene ciani? Coyamba, mau akuti "ciyambire" atanthauza kuyambira pamene anthu anayesa bwino, si kuyambira ciyambi ca dziko. Za tsiku limodzi la m'zaka za 1600 palibe angalumbire. Caciwiri, ziwerengero za mwezi wathunthu zilimba kuposa za tsiku limodzi, pakuti zolakwa zazing'ono zimafafanizana. M'mndandanda wa Manley February wa 1779 anali wofunda ndithu, wa madigiri 7.9 polinganiza usana ndi usiku, ndipo wa 2024 anatsala pang'ono kumfika. Motero cisanu cofunda si cacilendo konse. Cacilendo n'cakuti zaka zofunda, zimene kale zinali kudza kamodzi kamodzi, zacurukana kuyambira 1990, ndipo pakati pa England pafunda monga digiri imodzi kuposa m'zaka za 1800. Akatswiri apeza kuti gwero lace lalikuru ndi mpweya woturuka potentha malasha ndi mafuta. Tsiku limodzi la pa Kew silikanatha kutsimikiza cimeneci. Cacitsimikiza ndi zaka mazana atatu zolembedwa.

Amene analemba m'mabuku aja sanadziwe kuti Manley adzabadwa. Anangodzuka mamawa, nayang'ana galasi, nalemba cimene anaona. Inu aphunzitsi ndi alembi a m'midzi, cinkana mulibe themometa, muli nalo buku ndi pensulo. Lembani tsiku limene mvula yoyamba inagwa, tsiku limene cisanu cinaocha masamba a nthoci, ndi mwezi umene citsime cinaphwa. Lembani malo, caka ndi tsiku, osaonjeza kanthu kuti nkhani ikome. Ndipo pamene munaiwala kulemba, siyani mpata, musadzazemo za m'mutu. Adzukulu anu akadzatsutsana pamoto za cisanu ca kale, adzakhala nako kofunsa.