Ndege zotsika mtengo: kuchepetsa ndalama ndi chitetezo cha apaulendo

Makampani a ndege zotsika mtengo amagulitsa tikiti pamtengo wochepa pochotsa zinthu zimene makampani akuluakulu amaphatikiza pa mtengo wa ulendo, monga chakudya, katundu wa m'chipinda cha pansi ndi ufulu wosankha mpando. Njirayi inatchuka ndi Southwest Airlines ya ku United States, yomwe inayamba maulendo mu 1971, ndipo inazika mizu ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa Ryanair ya ku Ireland ndi easyJet ya ku Britain. Kum'mwera kwa Africa inafika ndi Kulula.com mu 2001, kenako 1time mu 2004, Mango mu 2006 ndi FlySafair mu 2014. Kampani ya fastjet inayambira ku Dar es Salaam mu 2012.

Zambiri mwa njira zawo sizidzetsa mkangano. Amagula ndege za mtundu umodzi kuti zipangizo ndi maphunziro a antchito zikhale zofanana, amagulitsa matikiti pa intaneti, ndipo ndege ikatera imanyamukanso pasanathe theka la ola. Mkangano umabuka pamene kufunafuna phindu kwakhudza mpando, lamba, woyendetsa ndege kapena mafuta.

Zimbudzi ndi mipando yoimirira

Dzina limene limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi la Michael O'Leary, yemwe anakhala mkulu wa Ryanair mu 1994. Mu February 2009 iye anauza BBC kuti kampani yake ikulingalira zolipiritsa paundi imodzi kwa aliyense wolowa m'chimbudzi cha m'ndege. Mu 2011 anabwera ndi lina: kuchotsa zimbudzi ziwiri mwa zitatu za mu Boeing 737-800 kuti malowo alowe mipando ina 6. Onse awiri anathera m'manyuzipepala.

Ganizo lachiwirili linagunda khoma la malamulo. Ndege ya mtunduwu inavomerezedwa kunyamula apaulendo osaposa 189, ndipo Ryanair inali itafika kale pa chiwerengerocho. Malirewo sachokera pa kukula kwa chipinda ayi, koma pa zitseko: wopanga ndege ayenera kuonetsa kuti anthu onse angatuluke m'masekondi 90, theka la zitseko lili lotseka. Palinso lamulo lofuna wantchito mmodzi wa m'ndege pa mipando 50 iliyonse, ndipo ntchito yake yeniyeni si kugulitsa tiyi, koma kutsogolera anthu potuluka pa ngozi.

Za kuyenda choimirira zinamveka mu 2009 kuchokera ku Spring Airlines ya ku China, ndipo Ryanair inazilandira msanga. Mu 2010 kampani ya ku Italy yopanga mipando, Aviointeriors, inaonetsa mpando wotchedwa SkyRider, wooneka ngati chishalo cha kavalo, wosiya mpata wa masentimita pafupifupi 58 kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake, pomwe ndege zambiri zotsika mtengo zimasiya masentimita 71 mpaka 76. Mu November 2012 O'Leary anafika ponena kuti malamba alibe phindu chifukwa sangapulumutse munthu ndege ikagwa. Mawuwo amaphonya chifukwa chenicheni cha lamba. Ngozi zambiri za ndege zimachitika ponyamuka kapena potera, ndipo anthu ochuluka amapulumukamo. N'chifukwa chake mipando ya ndege zamakono imayesedwa kuti ipirire mphamvu yoposa kulemera kwake ka 16. Lamba amatetezanso ndege ikagwedezeka ndi mphepo yamkuntho m'mwamba. Mu May 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka motero mpaka kukatera mwadzidzidzi ku Bangkok. Munthu mmodzi anamwalira ndipo ena ambiri anavulala. Palibe bungwe loyang'anira za ndege limene lavomereza mipando yoimirira.

Woyendetsa mmodzi

Mu September 2010 O'Leary ananena kuti woyendetsa ndege wachiwiri n'ngosafunika pa maulendo afupi, popeza makompyuta ndiwo amagwira ntchito yaikulu, ndipo wantchito wa m'ndege angaphunzitsidwe kuteretsa ndege kaputeni akadwala. Kaputeni wina wa kampani yomweyo anayankha m'kalata ku Financial Times kuti ndalama zambiri zingapulumuke ngati mkuluyo ndiye atalowedwa m'malo ndi wantchito wongoyamba kumene.

Komabe ganizoli silinafe monga anzake aja. Bungwe la chitetezo cha ndege la ku Ulaya, EASA, linachititsa kafukufuku wofuna kuona ngati woyendetsa mmodzi angatsale yekha pa chiwongolero ndege ikakhala m'mwamba, mnzake akupuma. Mu 2025 zotsatira zake zinati ndi zipangizo zimene zilipo sizingatheke kutsimikizira kuti chitetezo chingafanane ndi cha anthu awiri. Mavuto ake ndi odziwika: kudwala mwadzidzidzi, kutopa, ndi kusowa wina wotsutsa pamene mnzake walakwitsa.

Zimene wapaulendo saona

Ambiri amaona kuti nkhani za zimbudzi ndi mipando yoimirira zinali njira yotsatsira malonda mwaulere, ndipo m'pomveka kutero, poti palibe ndi imodzi yomwe inachitikapo. Ryanair, yomwe inakhazikitsidwa pakati pa zaka za m'ma 1980, sinachitepo ngozi yopha apaulendo. Choopsa chenicheni chimabisala kumene wogula tikiti sangayang'ane.

Mafuta ndi chitsanzo choyamba. Ndege yolemera imadya mafuta ambiri, choncho makampani amalimbikitsa oyendetsa kuti asanyamule opitirira muyeso. Lamulo limafuna kuti ndege itere ili ndi mafuta otsala okwanira kuuluka mphindi 30. Pa 26 July 2012 ndege zitatu za Ryanair zimene zinalephera kutera ku Madrid chifukwa cha mvula ya mabingu zinapatukira ku Valencia, ndipo zonse zinalengeza kuti mafuta azichepera. Bungwe loyang'anira za ndege la ku Ireland linapeza kuti zinanyamuka ndi mafuta oposa amene dongosolo la ulendo linkafuna, koma linalangiza kampaniyo kuti iunikenso mfundo zake pa maulendo opita kumene nyengo yaipa.

Kukonza ndege ndiko kwaphetsa anthu. Pa 11 May 1996 ndege ya ValuJet inagwera m'dambo la Everglades ku Florida, n'kupha anthu onse 110, moto utabuka kuchokera ku zitini zopangira mpweya wopuma zimene kampani yolembedwa ganyu, SabreTech, inazilongedza mosatsata malamulo. Ofufuza anadzudzula SabreTech, ValuJet chifukwa chosailondola, komanso bungwe la boma la FAA chifukwa chosalamula kuti zipinda za katundu zikhale ndi zodziwira utsi. Pa 1 January 2007 ndege ya Adam Air ya ku Indonesia inagwera m'nyanja ndi anthu 102, oyendetsa atatanganidwa ndi chipangizo cholondolera njira chimene chinali chitadandaulidwa kangapo osakonzedwa bwino. Mu July chaka chomwecho European Union inaletsa makampani onse a ku Indonesia kulowa m'mlengalenga mwake, ndipo chiletsocho chinatheratu mu 2018. Pa milandu iwiri yonseyi, kufooka kwa oyang'anira a boma kunayendera limodzi ndi kuumira kwa kampani.

M'chigawo chino, mu March 2022, bungwe loyang'anira za ndege la ku South Africa linaimitsa kwa masiku angapo ndege zonse za Comair, mwini wa Kulula.com, potsatira mavuto a injini ndi matayala oterera. Comair inkayendetsanso maulendo a British Airways opita ku Harare ndi Victoria Falls, kotero apaulendo a ku Zimbabwe nawo anakhudzidwa. Chiletsocho chinachotsedwa, koma ndalama zinaithera kampaniyo: inasiya kuuluka kumapeto kwa May ndipo inatsekedwa mu June 2022.