Dima, thangata ndi mavolontiya: mbiri ya ntchito yongodzipereka ku Phalombe

Kugwira ntchito popanda malipiro n'kwakale m'chigwa cha Phalombe kuposa boma lenilenilo, lomwe linapatulidwa ku Mulanje mu 1998. Amang'anja amene ankakhala m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja ya Chilwa, ndi Alhomwe amene anadza pambuyo pake, anali ndi njira zawo zothandizirana. Yotchuka inali dima. Munthu akaona kuti udzu wamupambana m'munda, ankafulula mowa kapena kuphika thobwa n'kumema anzake. Iwo ankabwera ndi makasu m'mamawa, n'kupalira munda wonse dzuwa lisanafike pamutu. Thobwalo silinali malipiro. Malipiro enieni anali akuti mwini mundayo nayenso adzanyamula khasu tsiku limene mnzake adzameme. Pamaliro zinali chimodzimodzi, ndipo zidakali choncho: adzukulu amakumba manda, amayi amatunga madzi ndi kusonkha ufa, popanda wofunsa ndalama, chifukwa zagwera mnzako lero mawa zili pa iwe.

Mawu akuti thangata anachokera m'moyo womwewu. Kuthangata ndiko kuthandiza, ndipo kale anthu ankathangata mfumu yawo kulima munda umene chakudya chake chinkadyetsa alendo ndi osowa. Tanthauzo limeneli linapotozedwa Azungu atatenga malo aakulu m'zaka za m'ma 1890. Mu 1893 boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi kuti litseke njira ya ogulitsa akapolo. Koma ukapolo utangotha, kunabwera goli lina. Alhomwe ambiri ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo pokhala opanda malo, ankakhazikika m'maesiteti. Kumeneko ankagwira ntchito m'malo mwa lendi ndi msonkho, ndipo miyezi yake eni malo ankaitalikitsa mmene afunira, kawirikawiri m'dzinja pamene munda wa munthu mwini ukufuna khasu. Kampani ya A. L. Bruce Estates, ya esiteti ya Magomero, inalinso ndi malo ku Likulezi m'dera lomweli. Nkhanza za ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale akuthawira ku Mozambique. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma mawuwo sanabwererenso ku tanthauzo lake lakale. Mpaka lero munthu akati "uyu ndi thangata", akudandaula kuti akumugwiritsa ntchito yaulere yopindulira wina. Chilonda chimenechi chimafotokoza zambiri za mmene anthu a kuno amalandirira aliyense wobwera ndi uthenga wa ntchito yopanda malipiro.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalimbikitsa chitukuko chodzithandiza. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, chaka chilichonse kunkakhala Sabata ya Achinyamata, pamene ana asukulu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi ankalambula misewu, kuumba njerwa, kumanga milatho ya mitengo ndi midadada ya sukulu. Zambiri zinamangidwadi. Koma kumbuyo kwake kunali chipani ndi apayoniya, ndipo kukana kunali koopsa. Motero ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994, andale ena anaitcha ntchito yotere thangata, ndipo anthu ambiri anavomereza. Thumba la MASAF, limene linayamba mu 1995, linkapempha midzi kusonkha mchenga ndi njerwa, koma linabweretsanso ntchito za m'misewu zolipidwa. Kuchokera nthawi imeneyo, mafumu akamema anthu ku chitukuko, funso lakuti "kuli kangachepe?" silichedwa kumveka. Sikuti anthu anasanduka aulesi: anali ataphunzira kawiri kuti ntchito yaulere yolamulidwa kuchokera kumwamba imamudyera mlimi nthawi ya kumunda kwake.

Alendo ongodzipereka ochokera kunja anayamba kufika pa nthawi yomwe thangata ankatha. Bungwe la VSO linakhazikitsidwa ku Britain mu 1958, ndipo la Peace Corps linayambitsidwa ndi Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America mu 1961. Gulu loyamba la Peace Corps linafika ku Nyasaland mu 1963, ambiri mwa iwo aphunzitsi, chifukwa sukulu za sekondale zinkatsegulidwa mofulumira kuposa mmene dziko likanaphunzitsira aphunzitsi ake. Mmodzi wa iwo anali Paul Theroux, amene anaphunzitsa ku Soche Hill ku Blantyre, n'kupitikitsidwa mu 1965 pomuganizira kuti akuthandiza otsutsana ndi Kamuzu. Pambuyo pake anatchuka monga mlembi wa mabuku a maulendo. A ku Japan anayamba kubwera mu 1971, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene alandira ambiri a iwo. Alendo oterewa ankakhala zaka ziwiri, kuphunzira Chichewa, kudya nsima ndi kukhala m'nyumba za aphunzitsi kapena za pachipatala. M'chigwa cha Phalombe, pamene chipatala chachikulu kwa zaka zambiri chinali cha mishoni cha Holy Family, thandizo lochokera kunja linkadzera makamaka ku mpingo.

Komabe pa mayesero aakulu amene derali lakumana nawo, oyamba kufika sanali alendo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itakula pakati pa zaka za m'ma 1980, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. M'madera a m'malire monga Chiringa ndi Muloza, ambiri analandiridwa koyamba ndi eni mudzi, amene anawapatsa pogona ndi kachigawo ka munda mabungwe asanakonze misasa. Zinali zosavuta kumvetsa, popeza olandira alendowo anali zidzukulu za anthu amene anawoloka malire omwewo zaka makumi angapo m'mbuyomo, ndipo chinenero ndi mafuko zinali zimodzi. Othawa nkhondowo anayamba kubwerera kwawo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992.

Pa 10 Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi pambuyo pa mvula ya masiku angapo. Madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinasesa midzi ndi malo amalonda a Phalombe, ndipo anthu pafupifupi 500 anafa. Milatho inali itakokoloka, choncho amene anafukula anzawo m'matope, kunyamula ovulala pamachira ndi kuika maliro anali opulumuka eni ake, ndi makasu omwe ankalimira. Asilikali, a Red Cross ndi a mipingo anafika pambuyo. Ngozi imeneyi ndiyo inachititsa kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo loyamba lokhudza kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho cha 1991. M'kupita kwa nthawi kunabadwa makomiti a m'midzi oteteza anthu ku ngozi, omwe mamembala ake salipidwa. Iwo ndiwo amayang'anira kukwera kwa madzi m'mitsinje, kuchenjeza anthu ndi malikhweru kapena zimkuzamawu, ndi kulemba maina a okhudzidwa. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, n'kupha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, madera monga Nkhulambe anadulidwa kwa masiku angapo, ndipo ntchito ya maola oyambirira inagweranso anthu omwewa.

Mliri wa Edzi ndiwo unazika mawu akuti volontiya m'Chichewa cha kumudzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Zaka za pakatipo, zipatala zitadzaza, odwala ankabwezedwa kunyumba. Magulu osamalira odwala kumudzi, ambiri a iwo a m'mipingo, ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuwaphikira phala, kuchapa zofunda ndi kuyang'anira ana amasiye. Ochuluka anali amayi, ena a iwo ali ndi kachilombo komweko, ndipo chimene ankalandira chinali sopo, chitenje, mwina njinga ya kapalasa. M'mwambo womwewo ndimo mwachokera alezi a sukulu za mkombaphala ndi magulu a amayi amene amabweza atsikana kusukulu. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa ndi ya tsiku ndi tsiku, ndipo m'malipoti a mabungwe imaoneka ngati nambala chabe, pamene popanda iyo mapulojekiti ambiriwo sakanayenda ngakhale mwezi umodzi.

Kuyambira cha m'ma 2000 kunabuka mtundu wina wa mlendo: woyendayenda amene amaphatikiza kukaona malo ndi kuthandiza kwa masabata awiri kapena atatu, nthawi zambiri atalipira kampani yokonza ulendowo. Phiri la Mulanje limakopa otere, ndipo ena amakwerera njira ya ku Fort Lister yopita ku Sombani. Amapenta makalasi, kubzala mitengo kapena kucheza ndi ana. Ndalama zimene amasiya kwa onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phiri n'zenizeni, ndipo ubwenzi wina umabala sukulu fizi ya mwana kwa zaka. Koma pali madandaulo omveka: mlendo wosadziwa kumanga amatenga ntchito imene mmisiri wa m'mudzi akanalipidwa, ndipo ana amasiye amazolowera nkhope imene imachoka isanakwane mwezi. Kudalira alendo kunaonekanso kufooka kwake mu Malichi 2020, pamene Covid-19 anachititsa Peace Corps kubweza anthu ake onse padziko lapansi nthawi imodzi.

Pakali pano Amalawi nawonso amayenda kukathandiza kutali ndi kwawo. Ena apita kumaiko ena kudzera ku nthambi ya mavolontiya ya United Nations. Bungwe la CorpsAfrica, limene linayambitsidwa mu 2011 ndi Liz Fanning, amene anatumikirapo ndi Peace Corps ku Morocco, limatenga achinyamata a ku Malawi omaliza maphunziro a ukachenjede n'kuwatumiza kukakhala m'midzi ya m'maboma ena kwa pafupifupi chaka. Asanayambe ntchito iliyonse, amayenera kukhala pansi ndi eni mudzi kuti iwo anene chimene akufuna, ndipo mudziwo umasonkhako gawo lake.