Dunga, nambala 6 amene Brazil inamuda kawiri

Pa mabwalo a fumbi kuno ku Rufunsa mwana aliyense afuna kukhala Neymar. Wofuna kukhala Dunga sitinamumvepo. Koma m'mbiri ya bola ya Brazil muli anthu ocepa amene ananyozedwa ndi kudaliridwa monga iye.

Dzina lake lenileni ndi Carlos Caetano Bledorn Verri, wobadwira ku Ijuí, kum'mwera kwa Brazil, mu 1963. Anali wa pakati, uja timacha nambala 6: kulanda bola, kupatsa mnzake, kukalipira waulesi. Anasewera ku Internacional, Vasco, Fiorentina, Stuttgart, mpaka ku Júbilo Iwata ya ku Japan.

Mu 1990, ku Turin, Maradona anadutsa pakati pa anyamata a Brazil, n'kupatsa Caniggia, ndipo Argentina inawatulutsa ndi 1-0. Anthu kwao anafuna womuloza cala. Manyuzipepala anacha nthawi yonseyo "nyengo ya Dunga", kutanthauza bola youma, yopanda kuvina. Tangoganizani dzina lanu likhale mutu wa manyazi a dziko lonse muli ndi zaka 26.

Patapita zaka 4 iye yemweyo ndiye ananyamula cikho ku Pasadena. Ukaputeni anaulandira mpikisano uli mkati, Raí atacotsedwa m'timu yoyamba. Fainolo ndi Italy inatha 0-0, ndipo pa mapenoti Dunga anamwetsa yake, Baggio n'kuponya kumwamba. Brazil inali itakhala zaka 24 yopanda cikhoci. Ambiri amakumbukira Romário ndi Bebeto basi, monga mmene ife tikamakamba za Libreville 2012 timathamangira kwa Katongo, Mweene ndi Sunzu, kuiwala Nathan Sinkala amene anali kusesa pakati. Mu 1998 anatsogoleranso timu kufika mu fainolo, France n'kuwakwapula 3-0.

Za ukoci ndiye zovuta kuweruza. Mu 2006 anapatsidwa timu ya dziko asanaphunzitsepo kalabu iliyonse. Nkhani yotere si yacilendo kwa ife amene tinaona Kalusha akutenga Chipolopolo mu 2003. Poyamba zinayenda: Copa América ya 2007 anaitenga pogonjetsa Argentina 3-0, ndi Confederations Cup ya 2009 ku Johannesburg, kumene anali kumbuyo 2-0 kwa United States koma n'kupambana 3-2. Pa 2 June 2010 anabwera ndi Kaká ndi Robinho pafupi pomwepa, ku Harare, n'kumenya Zimbabwe 3-0.

Koma kuuma mutu kumene kunamuthandiza m'bwalo kunamupweteka pa benci. Dziko lonse linapempha Neymar ndi Ronaldinho, iye anawasiya kunyumba. Ku Port Elizabeth Brazil inatsogola ndi cigoli ca Robinho, Netherlands inabweza ziwiri, Felipe Melo anapatsidwa khadi lofiira, ndipo pa benci panalibe wosintha zinthu. Ife tiona kuti apa mlandu unali wake ndithu, kusiyana ndi wa 1990. Anacotsedwa nchito.

Germany itawacititsa manyazi ndi 7-1 mu 2014, akuluakulu a bola anathamangiranso kwa iye. Ulendo waciwiriwu unali waufupi. Mu June 2016 Peru inawatulutsa mu Copa América ndi cigoli cimene Raúl Ruidíaz analowetsa ndi mkono, ndipo patangopita masiku ocepa mpando unapatsidwa kwa Tite.