Woweruza Amene Adasanduka Wokamba Nthano

Cha m'ma 1969, ku Minnesota m'dziko la America, David Wesely adayesa njira yachilendo pa maseŵera a nkhondo a pathebulo. M'malo mopatsa woseŵera aliyense gulu la asilikali, adamuuza kuti akhale munthu mmodzi wa m'tauni yopeka ya Braunstein: wina meya, wina mkulu wa banki. Oseŵerawo adayamba kunong'onezana ndi kupangirana ziwembu, Wesely, amene anali woweruza, nasoŵa pogwira. Iye adayesa kuti zalephereka, koma anzakewo adapempha kubwereza.

Dave Arneson adatengera njirayi m'dziko lake lanthano la Blackmoor, ndipo mu 1974 iye ndi Gary Gygax adatulutsa Dungeons & Dragons. M'maseŵeraŵa woweruza uja ndiye amalankhulira mafumu ndi zilombo zomwe, namagamula pamene malamulo akhala chete.