Zomera Zachilengedwe ndi Zamoyo Zonyamula Mungu Kum'mwera kwa Africa

Zamoyo zonyamula mungu ndi zija zimene zimasamutsa mungu kuchoka pa duwa lina kukafika pa linzake kuti chomera chibereke. Zina mwa izo ndi njuchi, agulugufe, ntchentche, mbalame ndi mileme. Chimanga chimadalira mphepo, koma maungu, mpendadzuwa, mango, khofi ndi makademiya zimabereka bwino pokhapokha zamoyozi zikafika pa maluwa ake.

Lipoti la bungwe la IPBES la m'chaka cha 2016 linasonyeza kuti mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya imadalira zamoyo zoterezi pa mlingo wina. Mu 2017, bungwe la United Nations linasankha 20 Meyi kukhala tsiku lokumbukira njuchi pa dziko lonse.

Ubwino wa zomera za kuno

Zomera zimene zakhala m'dera kuyambira makedzana zinazolowerana ndi zamoyo za m'deralo. Mvunguti umatsegula maluwa ake usiku, nthawi imene mileme imauluka kufunafuna timadzi totsekemera. Mkuyu uli ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa m'nkhuyu n'kusiya mungu, ndipo popanda timavuto mtengowu subala njere zomera. Nkhuyu zikapsa, mbalame, mileme ndi anyani amapeza chakudya.

Msangu ndi wosiyana ndi mitengo yambiri: umayoyola masamba m'dzinja ndipo umachita maluwa mvula ikatha, pamene njuchi zayamba kusowa kolowera. Umawonjezeranso chonde m'nthaka, n'chifukwa chake alimi ku Malawi ndi ku Zambia amausiya m'minda. Mitundu yambiri ya aloe imachitanso maluwa m'nyengo yozizira, ndipo imapirira chilala.

Nkhalango za miombo, zimene zimadutsa m'maiko a Angola, Zambia, Malawi, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi DRC, ndizo gwero la uchi wambiri wa m'chigawochi. M'maboma a Mwinilunga ndi Kabompo ku Zambia, mabanja ambiri amapeza ndalama kuchokera ku uchi ndi phula.

Zoopseza

Kuotcha makala, moto wolusa ndi kufutukula minda zimachotsa maluwa komanso malo oswanirana. Mankhwala ophera tizilombo akapoperedwa mbewu zili ndi maluwa, amapha ndi njuchi zomwe. Zomera zina zochokera kunja zimalanda malo: lantana, imene inabwera kuchokera ku America ngati duwa lokongoletsa pakhomo, tsopano yadzaza m'tchire ndi m'malo odyetsera ziweto. Dziko la South Africa linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 pofuna kuzula zomera zotere. Munda wa Kirstenbosch ku Cape Town, umene unakhazikitsidwa mu 1913, wakhala ukusamala ndi kuonetsa zomera za m'dzikolo.

Zoyenera kuchita pakhomo ndi padimba

Chofunika kwambiri n'chakuti pakhale maluwa chaka chonse, makamaka m'chilimwe. Izi zimatheka pobzala mitundu yochita maluwa pa nyengo zosiyanasiyana, monga msangu, mthethe, muwale ndi masuku, komanso posiya zitsa kuti ziphukire m'malo mozizula.

Pa mitundu ya njuchi yoposa 20,000 imene ili pa dziko lapansi, yambiri sikhala m'ming'oma. Imakumba timaenje m'nthaka kapena kuboola mitengo youma. Choncho bwalo losesedwa mbee ndi zinyalala zootchedwa zimazilanda pogona. Kusiya kachigawo kosalima m'mphepete mwa munda, chipika chouma ndi mbale ya madzi yokhala ndi timiyala kumathandiza kwambiri.

Ngati kupopera mankhwala sikungapeweke, nthawi yabwino ndi madzulo, njuchi zitabwerera. Alimi a njuchi amalangizidwanso kugwiritsa ntchito ming'oma ya matabwa, popeza kusenda khungwa lonse pofuna kupanga mng'oma kumaumitsa mtengo umene njuchizo zikanadalira chaka chotsatira.