Mbiri ya Ntchito Yolamula Maseva Ali Kutali

Ntchito yoyang'anira maseva, omwe ndi makompyuta osunga zinthu ndi kutumikira makompyuta ena kudzera pa netiweki, inayamba ngati ntchito ya munthu wokhala m'chipinda chimodzi ndi makinawo, koma pa zaka zoposa 50 zapitazi yasanduka ntchito yolemba mapulogalamu amene amatumiza lamulo limodzi ku maseva zikwizikwi omwe mwini lamuloyo sanawaonepo ndi maso. Mbiri ya kusinthaku imasonyeza kuti nthawi iliyonse imene akatswiri anapeza njira yofikira makina ochuluka ndiponso akutali, anakakamizika kupezanso njira yochepetsera mphamvu imene anadzipatsayo, chifukwa lamulo lolakwika limayenda msanga ndi kufika kutali mofanana ndi lolondola.

Chiyambi chake chili m'chaka cha 1969, pamene netiweki ya ARPANET inalumikiza makompyuta a malo anayi ochitira kafukufuku ku America, ndipo akatswiri anakonza njira yotchedwa Telnet, imene inkalola munthu kulowa mu kompyuta yakutali n'kumalemba malamulo ngati kuti wakhala patsogolo pake. Komabe njirayi inkafuna munthu weniweni woti azilemba ndi kudikira yankho. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1983, pamene yunivesite ya California ku Berkeley inatulutsa mtundu wa Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, wotchedwa 4.2BSD, womwe unali ndi chida chotchedwa rsh. Chidachi chinkatumiza lamulo limodzi ku kompyuta ina n'kubweza zotsatira zake, motero woyang'anira makina ankatha kulemba kapulogalamu kobwereza lamulo lomwelo pa makompyuta onse a m'dipatimenti yake. Kuti zimenezi zitheke popanda kufunsa mawu achinsinsi, makompyuta ankasunga mndandanda wa anzawo odalirika, ndipo kudalirana kumeneku ndi umodzi mwa mipata imene pulogalamu yodzifalitsa yokha ya Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell, inadzeramo mu Novembala 1988 pamene inafooketsa makompyuta zikwi zingapo.

Vuto lina linali lakuti Telnet ndi rsh zinkatumiza zonse poyera, kotero kuti aliyense wotchera khutu pa netiweki akanatha kuwerenga ngakhale mawu achinsinsi. Izi zinachitikadi pa Helsinki University of Technology ku Finland, ndipo mu 1995 wofufuza wa pamenepo, Tatu Ylönen, analemba SSH, njira yobisa uthenga wonse pakati pa makompyuta awiri kuti wosauyenera asaumve. Gulu la OpenBSD litatulutsa OpenSSH mu 1999, njirayi inafalikira pafupifupi pa seva iliyonse ya Unix ndi Linux, ndipo popeza inkalola kudzidziwikitsa ndi makiyi a masamu m'malo mwa mawu olemba pamanja, mapulogalamu anayamba kulowa okha m'maseva mazanamazana motetezeka.

Chitetezo cha njira sichinathetse vuto la kusiyana kwa makina. Lamulo likatumizidwa ku maseva ambiri, ena amapezeka ozima ndipo ena amalephera pakati, mwakuti pakapita miyezi makina oyenera kufanana amakhala atasiyana popanda wodziwa. Kampani yogulitsa masheya ya Knight Capital inaona kuwawa kwa zimenezi pa 1 Ogasiti 2012, pulogalamu yatsopano itaikidwa pa maseva asanu ndi awiri koma yachisanu ndi chitatu n'kuiwalika, ndipo m'mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 400 miliyoni. Mankhwala a vutoli anali atapezeka kale mu 1993, pamene Mark Burgess wa ku Oslo analemba CFEngine pa ganizo lakuti woyang'anira asamalamule chochita chimodzichimodzi, koma azilongosola mmene seva iyenera kukhalira, kenako kapulogalamu kokhala mu seva iliyonse kaziyerekeza mmene zinthu zilili ndi malongosoledwewo n'kukonza zokhazo zimene zapatuka. Puppet ya Luke Kanies mu 2005 ndi Chef mu 2009 zinatsata ganizoli, pomwe Ansible ya Michael DeHaan mu 2012 inabwerera ku SSH kuti pasafunike kapulogalamu kapadera mu seva iliyonse.

Nyengo yatsopano inayamba mu 2006, pamene Amazon inakhazikitsa EC2, ntchito yobwereketsa maseva pa ola kuchokera m'nyumba zake zikuluzikulu za makompyuta, yomwe ndi gawo la zimene masiku ano zimatchedwa cloud. Seva inaleka kukhala bokosi logula lokhala ndi dzina lodziwika kwa zaka zambiri, n'kukhala chinthu chimene pulogalamu imapanga m'mawa n'kuchifafaniza madzulo malinga ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo mndandanda wa maadiresi wolembedwa pamanja unkatha ntchito usanagwiritsidwe n'komwe. Pofuna kuthana ndi zimenezi, mu 2015 Amazon inayambitsa Run Command, yomwe pambuyo pake inakhala mbali ya Systems Manager. M'dongosololi pulogalamu ya woyang'anira silankhula ndi maseva mwachindunji, koma imapereka lamulo ku likulu kudzera pa API, kutanthauza khomo limene mapulogalamu amalankhulirana, ndipo imatchula maseva ofunika potengera zizindikiro zimene anapatsidwa, monga chizindikiro cha maseva oyesera kapena cha maseva otumikira makasitomala. Kapulogalamu kokhala mu seva iliyonse ndi kamene kamafunsa ku likulu ngati kuli ntchito, choncho sipafunika kutsegula khomo lolowera kuchokera kunja. Chofunika koposa n'chakuti likulu limayang'ana ngati wolamulayo ali ndi chilolezo, limasunga umboni wa amene analamula ndi nthawi yake, limalola kusankha maseva angati alandire lamulo pa nthawi imodzi, ndiponso limaleka kutumiza lamulolo ngati olephera apyola malire oikidwa.

Kufunika kwa malire otere kunaonekera pa makampani aakulu eni ake. Pa 28 Febuluwale 2017, wantchito wa Amazon amene ankafuna kuchotsa maseva ochepa analakwitsa polemba mbali ya lamulo n'kuchotsa ochuluka, ndipo ntchito yosunga zinthu ya S3 m'chigawo cha kumpoto kwa Virginia inasokonekera kwa maola pafupifupi anayi, pamodzi ndi mawebusayiti ambirimbiri odalira ntchitoyo. Pa 4 Okutobala 2021, lamulo loyeza mphamvu ya netiweki ya Facebook linadula kulumikizana kwa nyumba zake zonse za makompyuta, chifukwa chida choyenera kuletsa lamulo loopsa chinali ndi cholakwika, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Pofotokoza ngozi yake, Amazon inanena kuti yasintha chida chake kuti chizichotsa maseva pang'onopang'ono ndi kukana lamulo lililonse lotsitsa chiwerengero chawo pansi pa mlingo wofunika.

Apa m'pamene pagona ulemu wa ntchitoyi masiku ano. Kufikira makina akutali, komwe kunali chozizwitsa mu 1969, tsopano n'chinthu chimene wophunzira aliyense wa zamakompyuta angachite m'mizere yochepa, koma katswiri amazindikirika ndi mmene amayesera lamulo pa maseva ochepa asanalitumize kwa onse, mmene amakonzera njira yobwerera m'mbuyo, ndiponso mmene amavomerera kuti zida zake zimukanize pamene dzanja lake laphonya, pokumbukira kuti kuseri kwa maseva amenewo kuli anthu amene malipiro, mauthenga ndi malonda awo zimadalira makinawo.