Muzu wa ku India ndi Manjenje Amene Unadzetsa

Madokotala a ku Ulaya asanadziwe chochita ndi munthu amene magazi ake athamanga kopyola muyeso, asing'anga a ku India anali atakhala kale zaka mazanamazana akukumba muzu wokhotakhota ngati njoka, wotchedwa sarpagandha, umene ankaupereka kwa olumidwa ndi njoka, kwa osowa tulo ndi kwa amisala. M'chaka cha 1931 madokotala awiri a ku Calcutta, a Gananath Sen ndi a Kartick Bose, analemba kuti muzuwo umatsitsanso kuthamanga kwa magazi. Koma mawu awo anagwa pathanthwe, kufikira m'chaka cha 1949, pamene a Rustom Jal Vakil a ku Bombay anaonetsa zimene unachita pa odwala 50, maiko akutali natchera khutu. Pofika 1952 kampani ya Ciba ku Basel inali itatulutsa mphamvu ya muzuwo payokha, niitcha reserpine. Mtengo wathu wa mwimbi, womera m'mbali mwa mitsinje, ndi mbale wake wa chitsamba chimenecho.

Koma walira mvula walira matope. Pakuti ena mwa iwo amene anamwa mapiritsi a reserpine, makamaka opatsidwa ambiri m'zipatala za amisala, anayamba kunjenjemera zala ngakhale atakhala chete, nkhope zawo zikuuma ngati chigoba, mapazi akukhwekhwereza pansi, monga mwa nthenda ya manjenje imene a James Parkinson a ku London anaifotokoza m'chaka cha 1817. Munthu wobwera kudzafuna thandizo la mtima ankabwerera kwawo supuni ikulira m'kapu ya tiyi.

Ndipo kunachitika kuti ku Lund, m'dziko la Sweden, a Arvid Carlsson, pofuna kudziwa mmene reserpine amagwirira ntchito, anabaya akalulu mankhwalawo m'chaka cha 1957. Akaluluwo anagona pansi osasuntha, makutu ali lende, koma atabayidwanso mankhwala otchedwa L-DOPA, taonani, ola lisanathe anaimika makutu nayamba kuyenda. Potero kunadziwika kuti reserpine amakhuthula m'bongo chinthu chotchedwa dopamine, chimene L-DOPA amachibwezeretsa, ndi kuti popanda dopamine thupi silimvera mwini wake. Ine ndiyesa kuti chilema cha mankhwalawa chinapindulitsa anthu koposa ubwino wake, chifukwa L-DOPA yemweyo ndiye athandiza odwala manjenje kufikira lero, ndipo a Carlsson analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2000.

Reserpine saperekedwanso kawirikawiri, koma amiodarone, wokonza kugunda kwa mtima, amanjenjemeretsabe manja a anthu ena, pamene propranolol, yemwenso ndi wa mtima, amawakhazika. Inu amene mwaona zala zikunjenjemera mutayamba mapiritsi a BP kapena a mtima, musawaleke mwa inu nokha. Nyamulani paketi yake, mubwerere kwa dokotala amene anakulemberani.